Nkhope Imene Inakana Njereza

Akhristu anzanga a parishi ya Tannried, bambo mfumu andipempha ine Alois, wosamalira tchalitchi chino, kuti ndilembe za malemu Kajetan Pfandl. Ndavomera, koma ndilemba zoona zokhazokha. Amene zimuwawe, zimuwawe.

Kajetan anabadwa mu 1811, mwana wa mmisiri womanga nyumba. Ali wamng'ono ankajambula angelo ndi khala pakhoma la khola, ndipo makofi a bambo ake sanamuleketse. Atakula anakaphunzira ku Munich, n'kutchuka pojambula nkhondo zamakedzana m'nyumba za akuluakulu: akavalo, malupanga, akalonga a ndevu zopesa. Misa ya m'mawa yokha sankajomba. Kenako anatopa nazo nkhondozo. "Akalonga ndawanamizira kulimba mtima mokwanira," anatero, n'kubwerera kuno kudzajambula za m'Baibulo.

Iye ankapaka utoto khoma likadali lonyowa ndi pulasitala, kuti ulowe mkati n'kuumira limodzi. Chimene wajambula lero, mawa sichifufutika.

Mu 1852 komiti ya tchalitchi inamupatsa khoma la kuseri kwa guwa kuti ajambulepo Yesu pamtanda. Mwambo wathu mukuudziwa, nkhope za oyera zimatengedwa kwa anthu a m'mudzi momwe muno. Tonse tinkadziwa kuti Amayi Maria adzakhala akazi a bwana Hierlmeier, mwini mofululira mowa. Mayiwo anali atasoketsa kale diresi la tsikulo.

Nsalu yotchinga itachotsedwa, patsinde pa mtanda panali Zenzi. Inde, Zenzi wochapa zovala uja, amene mwana wake mmodzi yekhayo ananyongedwa chifukwa chopha mlonda wa nkhalango. M'tchalitchi tinkamusiyira benchi yonse yekha.

"A Pfandl, mwapenga?" anakalipa Hierlmeier. "Mayi wa chigawenga paguwa?"

"Nanga Amayi Maria ankawatchula kuti chiyani tsiku lija, bwana?" anayankha Kajetan akutsuka burashi. "Akazi anu ndi okongola, sindikukana, koma maso awo sanaonepo mwana akuphedwa. Ndikamadzajambula ukwati wa ku Kana ndidzawaitana. Inunso mudzabwere, mudzaime pafupi ndi mitsuko."

"Fufutani!"

"Zauma kale. Gumulani tchalitchi."

Komiti inalamula kuti khomalo lipakidwe njereza. Mbiri inafalikira, ndipo palibenso parishi imene inamuitana. Munthu amene anakongoletsa nyumba za akalonga anayamba kulemba mayina pamitanda ya kumanda, chakudya chake buledi wouma ndi msuzi wa kabichi. Sanadandaule, komanso sanapepese. Lamlungu lililonse ankagwada pabenchi ya Zenzi, maso ali pakhoma loyeralo.

"Achimwene, mwayamba kupemphera kwa khoma?" tinkamuseka.

"Amayi Maria alimo," ankatero. "Ndinawaikamo ndine."

Ndipo analimodi. Njereza sigwira pakhoma lotere. Zikapita zaka, chinyontho cha m'nyengo ya chisanu chinkaikanganula, maso a Zenzi n'kuyambanso kutisuzumira pa Misa. Katatu konse komiti inalamula kupakanso. Zenzi anamwalira, Hierlmeier anamwalira, koma liuma la komiti ndi la Kajetan silinafe.

Lachiwiri lapitali masana, ali ndi zaka 73, analandira masakramenti omaliza. Bambo mfumu anamufunsa ngati wakhululukira onse.

"Onse, abambo, ndi mtima wonse. Koma musakawauze kuti ndinalakwa." Kenako anatembenukira kwa ine. "Alois, chaka chino aonekanso?"

"Mpaka chibwano," ndinayankha, misozi ikundilengeza.

Anamwetulira, nagwira korona wake, natsikira kulichete.

Lamlungu likudzali komiti ikumana kuti ikambirane zopakanso kachinayi. Ndowa ndi burashi zili kuseri kwa chitseko, pomwe zimakhala. Maulendo atatu onse aja amene anaphimba nkhopeyo ndi ine, ndipo ndinkatseka maso podutsitsa burashi pa maso ake. Ulendo uno akafune wina, ndipo winayo akandipeza nditagwada pabenchi ya Zenzi.