Ndinamva "takhuta," mwana n'kumanidwa phala

Inu owerenga, ndine wophunzira pa koleji ina, ndipo ndikulemba kuti ndivomere kuti mwana wina wa ku Nsanje anagonekedwa m'chipatala chifukwa cha liwu limodzi lomwe ndinalimasulira molakwika, komanso chifukwa choti nditazindikira kulakwa kwanga ndinakhala chete. Sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ndikungofuna kuti mudziwe m'mene zinayendera.

Kwathu ndi ku Dedza. Kuyambira ku sekondale ndinkanyadira Chichewa changa, ndipo ndinkakhulupirira kuti palibe Mmalawi amene angalankhule ine osamumva. Chaka chatha, madzi osefukira atakokolola minda m'chigwa cha Shire, koleji inanditumiza kukaphunzira ntchito ku bungwe lina lothandiza ana, lomwe ofesi yake inali pa Ngabu. Bungwelo linkagawa ufa wa phala wosakaniza ndi soya ku mabanja okhala ndi ana ang'onoang'ono. Matumba anali ochepa koma ana anali ambiri, choncho tinkayamba tayenda nyumba ndi nyumba kuti tione komwe njala yafika povuta. Nyumba yomwe idakali ndi chakudya tinkaidumpha.

Ndinkayenda ndi anthu awiri. Woyamba anali mayi wochokera ku Ulaya, amene ankangolankhula Chingerezi, ndipo ndiye ankagamula za mabanja oyenera kulandira. Ndiyenso anayenera kudzalembera koleji yanga za m'mene ndagwirira ntchito. Wachiwiri anali Mayi Esinati, wogwira ntchito mongodzipereka, mbadwa ya kwa Ndamera, amene ankalankhula Chisena ndi Chimang'anja mosinthasintha. Ine ndinali ndi chizolowezi chokonza mawu awo akamalankhula, mpaka anandipatsa dzina loti a Galamala. Ankandiuza moseka kuti kuno n'kotentha, ndikapitiriza kuwongola malilime a anthu ndidzakomoka ndisanamalize mudzi umodzi.

Tsiku lina tili kwa Ndamera, Mayi Esinati anafunika kuperekeza gulu lina ku midzi ya kufupi ndi dambo. Asanachoke anandifunsa ngati ndingathe kumasulira ndekha, popeza anthu a kumene tinkapitako amalankhula Chisena chokhachokha. Ndinawayankha kuti Chisena ndi Chichewa chomwe changopindika pang'ono, ndipo munthu wodziwa bwino Chichewa sangasokere. Anakwera kabaza n'kupita.

Masana tinafika pa chisakasa chofoleredwa ndi pulasitiki. Mwini wake anali mayi wamng'ono thupi, amene kwawo kwenikweni ndi kutsidya, ku Mozambique. Mwamuna wake anapita kukasaka maganyu ndipo anali asanabwerere. Anali ndi mwana mmodzi wamkazi, Rozina, wa zaka ngati zisanu. Pamphasa panali patayanikidwa tizinthu takuda tozungulira. Lero ndikudziwa kuti imeneyo inali nyika, mizu yomwe anthu amakaifukula m'madzi a ng'ona chakudya china chilichonse chikatha. Tsiku limenelo sindinkaidziwa, koma mlendo wa ku Ulaya uja atandifunsa kuti n'chiyani, sindinafune kuoneka mbuli. Ndinamuuza kuti ndi mtundu wa mbatata ya kuno.

Mlendoyo anatulutsa paketi ya mabisiketi m'chikwama n'kupatsa Rozina. Mayi ake anagwada, n'kuomba m'manja, nati: "Takhuta, takhuta maningi."

Mlendo anandifunsa kuti akuti chiyani. Ine ndinayankha mosakayika kuti akunena kuti akhuta kwambiri. Ndinaonjezeranso nzeru zanga, kuti mwa chikhalidwe chathu munthu amanena motero posonyeza kuti pakhomo padyedwa kale. Mlendoyo anayang'ana mphasa ija, n'kumwetulira, n'kunena kuti n'zosangalatsa kupeza nyumba imodzi yomwe zinthu zili bwino. Tinatsanzika, n'kupita nyumba ina. Dzina la Rozina silinalowe pakati pa olandira.

Tsiku logawa ufa linafika. Tinali pabwalo la sukulu ina kwa Ndamera komweko, titazunguliza chingwe kuti olandira okha ndiwo alowe. Ine ndinkathandiza kutwika amayi matumba. Ndinayamba kuona kuti mayi aliyense akasenza thumba ankanena liwu lomwe lija. Ndinatembenukira kwa Mayi Esinati n'kunena mwanthabwala kuti anthu a kuno ndi odabwitsa, akukhuta ufa usanaphikidwe n'komwe.

Anaseka mpaka anagwira bondo. "A Galamala, nthawi yonseyi muli kuno simukudziwa? 'Takhuta' ndi zikomo wathu. Munthu amakuuzani takhuta m'mimba muli mphepo yokhayokha."

Inu owerenga, kulakwa koyamba kuja mwina mungakukhululukire, chifukwa kunali kusadziwa. Koma mverani chomwe chinatsatira. Nditakweza maso ndinaona mayi ake a Rozina ataima kunja kwa chingwe, mwanayo atawagwira chitenje. Sankakankhana ndi munthu, sankapempha, ankangoyang'ana galimoto yonyamula ufa. Matumba anali asanathe. Mlendo uja anali pafupi nane, ndipo zinkangofunika kuti ndimuuze kuti ndinamunamiza mosadziwa. Koma ndinaganiza za zomwe adzalembe ku koleji, ndinaganizanso za m'mene Mayi Esinati adzandisekere. Ndinadziuza kuti ndikonza nkhaniyi mwakachetechete pa ulendo wotsatira. Ndinapitiriza kutwika anthu ena matumba mpaka galimoto inatsala yopanda kanthu. Nditayang'ananso kuchingwe, mayi uja ndi mwana wake anali atapita.

Ulendo wotsatirawo unachedwa, chifukwa ufa wina unali usanabwere. Patapita masabata angapo, Mayi Esinati anabwera ku ofesi ya pa Ngabu n'kunena kuti mwana wina wa kwawo amutengera kuchipatala atatupa mapazi ndi nkhope chifukwa cha njala, ndipo sankamvetsa kuti nyumba imeneyo inadumphidwa bwanji. Atatchula dzina la Rozina ndinawapatula n'kuwauza zonse. Sanaseke, ndipo kuyambira tsiku limenelo sananditchulenso a Galamala. Anangonena kuti nkhaniyi si yawo, ndipite ndikawauze eni ake, mayi a mwanayo.

Ndinagula shuga ndi mtedza n'kukwera minibasi yopita kuchipatala. Rozina ndinamupeza ali gone pabedi, tsitsi litafiira ndi kupyapyala, khungu la miyendo likusupuka. Ankamudyetsa chiponde pang'onopang'ono. Mayi ake anandizindikira ndipo anandilonjera mwaulemu. Ulendo uno ndinapempha namwino wodziwa Chisena kuti andimasulire. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa mabisiketi mpaka pa chingwe chija, osabisa kuti ndinawaona ataima ndipo sindinalankhule.

Mayiyo anamvetsera osandidula mawu. Kenaka analankhula motsitsa, maso ali pa mwana. Namwino anamasulira: "Akuti mtima wawo wakhala pansi tsopano. Masiku onsewa ankaganiza kuti anamanidwa chifukwa sanathokoze mokwanira."

Nditabwerera ku Ngabu ndinakauza mlendo uja. Anakhumudwa, koma ananena kuti vutolo ndi la bungwe, chifukwa linanditumiza popanda womasulira. Dzina la Rozina linaonjezedwa. Koma ufa wachiwiri utafika, mwanayo anali atatuluka m'chipatala ndipo mayi ake anali atapita naye kwa abale awo kutsidya. Thumba lake linaperekedwa kwa banja lina. Sindikudziwa ngati anachira kwathunthu, ndipo palibe amene ndingamufunse. Ku koleji ndinakhoza bwino, ndipo anandiyamikira kuti ndine wophunzira woona mtima.

Kwa inu amene mudzapita kukagwira ntchito pakati pa ana osauka, kaya ndi bungwe, mpingo kapena sukulu, malangizo anga ndi awa. Musaganize kuti mukamva mawu a munthu ndiye kuti mwamva zomwe akunena. Chiyankhulo cha mnzanu si chanu chopindika ayi, ndi chake, ndipo chili ndi matanthauzo ake. Chinthu chomwe simukuchidziwa, ngakhale chitakhala muzu wouma pamphasa, nenani poyera kuti simukuchidziwa, mufunse eni dera. Kumbukiraninso kuti wosauka nthawi zambiri satsutsa chigamulo chanu. Amaima kunja kwa chingwe, n'kumadziimba mlandu yekha. Choncho mukazindikira kuti mwalakwitsa, lankhulani nthawi yomweyo matumba asanathe, chifukwa manyazi anu adzatha pofika madzulo, pamene mwana wogona ndi njala sangadikire kuti mulimbe mtima.

Tsiku lija potuluka m'chipatala ndinasiya shuga ndi mtedza pafupi ndi bedi. Mayi ake a Rozina anadzuka, n'kugwada pa simenti, n'kuomba m'manja nthawi yaitali kuposa poyamba paja. Ananena "takhuta" katatu, mokweza, kuti ulendo uno ndimve bwino.