Makoko a mtedza pansi pa galimoto

Galimoto ya mwana wanga wachisamba imanyamula anthu pakati pa Nsanama ndi Liwonde, ndipo ndi imene imatidyetsa. Tsiku limene anaigula ndinaiwaza madzi odalitsidwa, matayala onse anayi. Iye anandipatsa lamulo limodzi lokha: "Amayi, m'chisakasa cha galimoto musamaikemo mbewu. Makoswe akazolowera amadya mawaya."

Chaka chimenecho Mulungu anandipatsa mtedza wambiri. Ndili pakati pouyanika, mwanayo anagonekedwa m'chipatala ndi malungo, mkazi wake n'kukamudikirira. Kenako chiperoni chinabwera ndi mawawa osaleka. Ndinayang'ana mtedza, ndinayang'ana chisakasa, basi ndinakokera matumba pansi pa galimoto. Anakhala pamenepo masiku anayi. Asanatuluke m'chipatala ndinachotsa, n'kusesa mpaka mapazi anga omwe.

Atayambanso ntchito, kanyali kachikasu kanayaka kuseri kwa chiwongolero. M'mawa injini inkanjenjemera ngati nayo yadwala malungo, mafuta n'kumatha msanga. Nthawi yomweyo ndinaganiza za mtedza uja. Pamenepo ndinakumbukira kuti asanadwale, mnzake anasintha oyilo. Mnzakeyo ndi makaniko wa pa Nsanama, Msilamu, amene anakulira limodzi, ndipo ankalowa mpaka kukhitchini kwanga osaodira.

"Kodi mnzako uja sanachotsemo chitsulo chabwino n'kuikamo chakutha?" Ndine ndinanena zimenezo, ndi pakamwa pomwe ndimapempherera. Ndinkangofuna kuti maso ake achoke kuchisakasa. Tsiku la msika mwana wanga anapita kukamutchula mnzakeyo wakuba, anthu akumva.

Kenako anaganiza zokaonetsa galimotoyo kwa bambo wina wa zamagetsi ku Balaka. Ndinakwera nawo, ndikunamizira kukaona mchemwali wanga ku Rivirivi, koma sindinatsike. Bamboyo analumikiza kamakina pansi pa chiwongolero, n'kuwerenga uthenga umene unatuluka.

"Ndi hita ya sensa, achimwene."

"Hita m'galimoto? Kutentha kwa ku Balaka kuno sikukuikwana?" anatero mwana wanga.

Bamboyo anaseka, n'kutembenukira kwa ine. "Mayi, pa paipi ya utsi pali kamphuno. Kamanunkhiza utsi n'kuuza injini muyezo wa mafuta ndi mpweya. Koma kakazizira sikanunkhiza, n'chifukwa chake kali ndi kambaula kakekake m'kati. Kambaulako kakazima, injini imathira mafuta ngati mpongozi watsopano pa ndiwo."

Anasolola fiyuzi, n'kupeza ili bwino. Anagona chagada pa katoni, anamasula pulagi, n'kuyeza sensayo ndi mita. "Iyayi, iyi ndi yamoyo. Ndi yake yochokera nayo kufakitale, sipanala sinagundepo." Bamboyo anatsata mawaya ndi chala, kenako anatulutsa dzanja lodzaza makoko a mtedza.

"Makaniko wanu ali ndi mchira! Wadula mawaya awiri a hita, ndipo amadya bwino kuposa ine."

Anthu anaseka. Bamboyo anasenda mawayawo, anawalumikiza ndi mtovu, anakulunga tepi, n'kufufuta uthenga uja pa kamakina. Ataliza injini, kanyali sikanayakenso.

Pobwerera mwana wanga anati mwina ndi makoko a anthu okwera, poti amadya mtedza m'galimoto. Ine ndinati mwina. Njira yonse mpaka kudutsa mlatho wa Shire ndinafumbata kolona, koma sindinawerenge mkanda ndi umodzi womwe. Lamulungu kutchalitchi anzanga atadzuka kukalandira Ukaristia, ine ndinatsala pabenchi.

Lolemba m'mawa mwana wanga akupukuta galasi ndinamuuza zonse. Sanakalipe. Anangoti, "Amayi, mawaya ndalumikizitsa. Nanga mnzanga uja ndikalumikiza ndi chiyani?"

Ndinadikira tsiku la msika, chifukwa anamunyoza pagulu, ndiye kupepesa sikukanakhala kwa m'makutu. Ndinamupeza makaniko uja atawerama pa injini ya njinga yamoto, anthu ali pomwepo. Ndinagwada pa dothi la oyilo, n'kunena mokweza kuti mwanayu sanabe kanthu, makoswe ndinaitana ndine, bodza ndinayambitsanso ndine.

"Amao, dzukani, chitenje chida," anatero, akundigwira pa chigongono chifukwa m'manja munali girisi. "Zatha. Mulungu ndi amene amadziwa."

Mwana wanga anapepesanso pambuyo panga, ndipo anagwirana chanza. Ndimathokoza Ambuye chifukwa cha mtima wa makanikoyo. Galimoto amaikonzabe mpaka lero, ndipo makasitomala amene anamuthawa ena anabwerera, ena ayi. Koma akabwera kwathu amaima pa mpanda n'kuodira ngati mlendo. Ndimamuuza kuti alowe, kukhitchini akukudziwa. Amayankha mwaulemu kuti ali pa changu, ndipo ine ndimamuperekeza mpaka kumsewu.