Mita Inati Yadzaza, Firiji ya Katemera Inazima

Ntchito yanga yoyamba anandipezera ndi malume, omwe ankayendetsa thirakitala pa esiteti ina ya tiyi ku Thyolo. Anamva kuti ku galaja ya esitetiyo akufuna munthu wa zamagetsi a galimoto, ine nditangomaliza kosi. A Khoromana, folomani wa galajayo, anandipatsa sitata yakufa, kamakina kolizira injini, kuti ndiidzutse. Italira, anati ndibwere Lolemba ndi ovolosi yanga.

Chinandisautsa chaka chimenecho ndi kalavani yogonamo alendo, imene esiteti inagula yakale n'kuisandutsa kiliniki yoyenda. Munali bedi, sola padenga ndi firiji ya katemera. Batire ya asidi anaichotsa n'kuikamo ya lithiyamu, koma waya anasiya yemweyo: wowonda, wochokera ku olitaneta yopanga magetsi pa pikapu yokoka kalavaniyo, kudutsa pa pulagi yokokera, mpaka kumbuyo.

Pagalaja tinali ndi chizolowezi chimodzi. Galimoto isanatuluke, umagunditsa mita pa batire. Ikawerenga mavoliti 12.6 kapena kuposa, ndiye kuti yadzaza. Pa mathirakitala izi sizinama. Ya lithiyamu ndi ina: imaonetsa cha m'ma 13 kaya ili pakati kaya ikutha, ndipo ikafika pansi imadzithimitsa yokha osachenjeza. Pagalaja ponse panalibe amene ankadziwa zimenezi.

M'nyengo yozizira kunagwa chiperoni, dzuwa osatuluka. Masana ena tinayeza batire ya kalavaniyo: 12.9. “Yakhuta iyi, izipita,” anatero a Khoromana. Pikapu inakokera kalavaniyo kunyumba za antchito za mbali ya ku Thekerani, kuti sikelo ya ana ikayambe m'mamawa.

Kutacha anandiitanitsa pa njinga yamoto. Ndinapeza amayi othyola tiyi atandanda ndi ana kumbuyo, atachita kupempha tsikulo kwa akapitawo. Firiji inali zii, m'kati mofunda.

“Achimwene, yazima nthawi yanji?” anafunsa anesi athu, a Namaona.

“Sindingadziwe, asisita.”

“Ndiye katemera ameneyu sindibaya naye mwana wa munthu.”

Mayi wina anandiyang'ana kuyambira kunsapato. “Inu a mawaya, kwa akapitawo mukatipemphere ndinu tsiku lina?” Mzere wonse unaseka, koma unabalalika popanda mwana wobayidwa.

Ndinaliza injini ya pikapu. Pa batire yake panali 14.2, kumapeto kwa waya, m'kalavani, 13.1. Mita yopana pawaya inaonetsa maampu awiri okha akulowa, pomwe firiji ikalira imadya oposa amenewo. Miyezi yonseyi batire ya kalavaniyo inkakhalira sola. Pikapu sinkaitchaja n'komwe.

Mankhwala ake anali odziwika: tchaja ya DC-DC, yokweza mphamvu yochokera ku pikapu, pafupi ndi batire, waya wonenepa, ndi fiyuzi mbali zonse ziwiri. Kusitolo ya esiteti anandibweza kangapo. “Batire ndi yatsopano, mukufunanso chiyani?” Pomwe tchajayo inkafika kuchokera ku Limbe, chiperoni chinali chitatha, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ena ankati vutolo linatha lokha. Nthawi yonseyo amayi aja ankayenda wapansi kukabayitsa ana ku kiliniki yaikulu.

Mpaka lero mavoliti a batire yongokhala sindiwakhulupirira. Ndimayamba ndaliza injini, n'kupana mita pawaya, ndione maampu amene akulowadi. Akakhala ochepa, kalavani situluka pageti, ngakhale dalaivala aziliza hutala.