Laisensi ya pakhoma la mkhukhu wanga

Sukulu ndinalekera Sitandade 6, koma matenda owerenga sanandisiye. Chilichonse cholembedwa ndimachiwerenga: kapepala ka m'bokosi la mankhwala, kuseri kwa paketi ya sopo, ngakhale chikwangwani choletsa kukodza pakhoma. Akazi anga amati ndikanabadwa mbuzi bwenzi nditamaliza mapepala onse a mu Joni.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pakampani ina yaing'ono ku Midrand, yogulitsa mapaipi ndi mipopi. Ndinali wosesa, wotumidwa komanso wophika tiyi. Kuseri kwa ofesi kunali kachipinda kozizira momwe munkakhala seva, chikompyuta chosunga maoda ndi mayina a makasitomala onse. Lachisanu lililonse ndinkachipukuta fumbi. Chinkalira ngati firiji yokalamba, ndipo magetsi akazima chinkachedwa kudzuka, ntchito n'kuima.

Ndiye kunabwera mtsikana wakwathu, wa ku Zomba, wophunzira zamakompyuta. Anamulemba mongomuyesa kwa miyezi itatu. Iye ankanditcha amalume, ine ndinkati achemwali. Ndi amene anakopa abwana kuti ntchito ya seva ija isamukire kumene amati kumtambo.

"Musayang'ane kumwamba, amalume," anatero akuseka. "Mukuidziwa nyumba yaikulu yopanda mawindo ija mumaidutsa pa takisi? Zangati imeneyo. M'kati mwadzaza makompyuta, ife tizingochita lendi. Chimakina chimodzi amachigawa kukhala timakina tambiri, kalikonse n'kumadziona ngati kali kokha."

"Ngati alandilodi a komwe ndimakhala ku Ivory Park," ndinatero. "Yadi imodzi, zitseko khumi."

"Basitu! Kungoti uku kulibe kulimbirana mpopi."

Ndinagoma. Makina oti sungawakhudze, sungawapukute, koma akugwira ntchito.

Bilu ya mwezi woyamba itabwera, inaposa zimene mtsikanayo analonjeza. Abwana sanakalipe. Anangonena kuti pofika Lachisanu mtengowo ukhale utatsika, apo ayi tibwerera ku seva yakale ndipo kuyesedwa kwake kuthera pomwepo. Lachitatu masana ndinamupeza m'kachipinda kaja atakhala pansi, tiyi atazizira.

"Tikulipira kawiri, amalume," anandiuza. "Lendi ija ili pawiri: ya makina, ndi ya laisensi ya pulogalamu yoyendetsa makinawo. Koma laisensi kampani inagula kale, ndipo chaka chilichonse imalipira kuti isathe. Titangotsimikiza kuti tili nayo, tikhoza kupita nayo kumtamboko, iwo n'kuchotsa gawo limenelo."

"Nanga chavuta n'chiyani?"

"Ogulitsa sakufuna kulankhula ndi munthu wopanda nambala ya mgwirizano. Amene ankayang'anira makompyuta kale anachoka, foni sayankha. Ndasanthula mafayilo onse, mulibe."

Ndinaika tireyi pansi. "Achemwali, pepala lake si lija la mzere wobiriwira pamwamba? Lonena kuti wogula ali ndi ufulu wonyamula pulogalamu n'kukaigwiritsa ntchito pamakina a eni ake ena?"

Anandiyang'ana ngati tsache layankhula. "Mwaliona kuti?"

"Ndimagona nalo."

Zinali chonchi. Zaka ziwiri m'mbuyomo abwana anandituma kukataya makatoni ndi mapepala akale. Munthu wokhala mumkhukhu, tinyumba tija ta malata okhaokha, sataya katoni. Malata a mkhukhu mu Juni amazizira ngati mpeni, ndiye timakhoma makatoni m'kati. Akazi anga anaphika phala la fulawa n'kumata mapepala aja pamwamba pa makatoni kuti khoma liyere. Pepala la laisensi linagwera kumutu kwa bedi, mbali yanga. Lamulungu lililonse tikabwera kutchalitchi ndinkagona chagada n'kumaliwerenga, dikishonale yanga yopanda chikuto ili pachifuwa. Linanditengera nyengo yonse yozizira. Ndinkati padziko lapansi palibe munthu analembapo zinthu zosakoma chonchi, komabe ndinalimaliza, poti linali pamphuno.

Lachinayi titaweruka tinakwera takisi limodzi. Akazi anga atamva kumene mlendoyo akufuna kulowa anagwira pakamwa.

"Abambo, mwapenga? Mlendo wa kuofesi mukumulowetsa kuchipinda?"

"Chipinda chake chiti, amayi? Si katani iyi basi?"

"Katani yomweyo ndi ulemu wanga!"

Mtsikanayo anagwada n'kuwapatsa moni mwachikwathu, mtima wawo n'kutsika. Tinakoka bedi. Pepala linalipo, mzere wobiriwira uja utafuwa ndi utsi wa parafini. Nambala inali pakona. Koma theka lake linali litaphimbidwa ndi kalendala ya amayi a mvano imene akazi anga anamatapo ndi phala lomwe lija.

Ndinatambasula dzanja kuti ndisupule. Akazi anga anandimenya pamkono.

"Ndi zala zanu za fosholozo? Mung'amba zonse ziwiri. Chokani."

Anawiritsa madzi m'ketulo, n'kulozetsa nthunzi pakonapo. Kenaka anatenga mpeni wosendera mbatata n'kumaulowetsa pang'onopang'ono, lilime lili panja. Panja wina ankaitanira makasitomala a mapazi a nkhuku. Manambala anayamba kutuluka imodziimodzi, onyowa koma owerengeka.

Mtsikanayo anakhala pandowa yovundikira n'kuimbira ogulitsa aja asanatseke. Anamudikiritsa ndi nyimbo mpaka akazi anga anayamba kuitsatira. Kenaka mtsikanayo anawerenga nambala ija ali chiyang'anire khoma langa. Ndinaona mapewa ake akutsika. Mgwirizano unali wamoyo, ndipo ufulu wosamutsa uja unalimodi, ndendende mmene ndinawerengera.

Anatsegula laputopu pamaondo. "Bwerani muone, amalume." Panali kabokosi kakang'ono, kochepa kuposa njere ya mpunga, kofunsa ngati tili nayo kale laisensi. Anakadina. Mtengo umene unali pambali unasintha, n'kutsika.

"Basi?" ndinafunsa.

"Basi."

Ndinakhala pabedi. Ine ndinkadziwa kuti katundu ndi chinthu chimene umanyamula pamutu, kapena kumangirira pangolo ya basi yopita kumudzi. Apa panali katundu wopanda thupi, chilolezo chabe, chimene chinakhala zaka ziwiri chikunditchinjiriza mphepo, ndipo mwakamphindi chinanyamuka pakhoma la mkhukhu n'kukalowa m'nyumba yopanda mawindo, m'makina amene alipo koma palibe. Ndipo kumeneko anachilandira osafunsa kuti chachokera mu yadi ya ndani.

"Ndiye zimene mumawerengazi zimathandiza nthawi zina," anatero akazi anga, akupukuta mpeni.

Lachisanu abwana anayang'ana mtengo watsopano kawiri, n'kumuuza mtsikanayo kuti akasayine mapepala a ntchito yokhazikika. Koma anati pepala lenilenilo libwerere kuofesi. Akazi anga analidula pamodzi ndi katoni yake, n'kusiya bowo loonetsa lata. Mpaka pano lili mufayilo, lolimba ngati chikwangwani, likununkha parafini.

Lolemba mtsikanayo anandibweretsera katoni yatsopano ndi mulu wa mapepala: mgwirizano wa lendi ya kumtambo, atausindikiza wonse. Tinamata pabowo paja. Ndi wosakoma kuposa woyamba uja. Ndafika tsamba lachitatu, ndipo takisi ikamadutsa nyumba yopanda mawindo ija ndimapezeka ndavula chipewa.