Ba Florida Sanapitenso ku Dar

Ba Florida a ku Malota ankagulitsa zitenje pamsika. Makolo awo anachokera ku Petauke, koma iwo anabadwira mu Livingstone momwemu. Nsaluzo ankakazisankha okha ku Dar es Salaam, pa basi, kudzera ku Nakonde, ndipo ankabwerako miyendo itatupa. Choncho atafika ulendo wina thupi likuphwanya, palibe anadabwa.

Kenako thupi linatentha kwambiri. Mutu unkawawira kuseri kwa maso, mafupa onse akuphwanya. Kukiliniki anawayeza malungo, sanapezeke. Dokotala atamva kumene anachokera, anatumiza magazi kukayezedwanso. Inali dengi, nthenda ya udzudzu woluma masana. Anawauza kuti ilibe mankhwala akeake. Azimwa madzi ambiri ndi panado, apume.

Anapumadi, koma pang'ono. Thupi litangozizira anabwerera pamsika, poti inali nyengo ya maukwati ndipo azimayi ankafuna nsalu zofanana.

Posakhalitsa anayamba kutsokomola. Kutentha kunabwerera, m'nthiti mukubaya. Amuna awo, ba Webster, oyendetsa takisi, anawapeza atakhala pamtolo wa nsalu akupuma mobanika.

"Amake Vivian, tiyeni ku chipatala," anatero ba Webster.

"Banakamba kudala ati ilibe mankhwala. Nizagona chabe."

"Iyi ni ina. Mvelani mwamene mupumila."

Ba Florida analibe mphamvu zokangana. Analowa m'galimoto.

Kuchipatala anapeza chibayo. Namwino, ba Mazuba, anafotokoza kuti dengi inafooketsa thupi, ndiye tizilombo ta bakiteriya tinapeza mpata m'mapapo. Nthenda yachiwiriyi inali ndi mankhwala, kungoti inali italowerera. Anawagoneka, nawaika diripi ndi chubu cha mpweya m'mphuno. Ba Webster ankabweretsa phala akatula makasitomala, n'kubwerera nalo litazizira.

Anatuluka atawonda, madiresi akulendewera. Ku Dar sanapitenso. Tsopano amawagulira nsalu ndi Miyoba, mnzawo wapamsika. Miyoba amakonda mitundu yowala imene makasitomala a ba Florida sakonda. Ba Florida amangolandira, n'kuyala pathebulo.

Popita kumsika amaima panjira, dzanja pachifuwa, kudikira mpweya. Odutsa amafunsa kuti anadwala chiyani. Poyamba ankafotokoza zonse, dengi kenako chibayo, anthu n'kumafunsa ngati dengiyo si malungo omwewo. Masiku ano amangoti, "Inali malaria," n'kupitiriza ulendo.