Mbale ya Idi ya Batani

Ndikukumbukira Idi ina ku Kawale, chaka chimene ndinali mu Sitandade 4, pamene ndinatsala pang'ono kupha kalulu wanga chifukwa chomukonda. Dzina lake anali Batani. Ababa anali telala, ankasoka pakhonde la nyumba yathu moyang'anizana ndi msewu wafumbi, ndipo tsiku limene amalume anabwera naye kaluluyo m'katoni ndinaona kuti maso ake akufanana ndi mabatani akuda amene Ababa ankasunga m'chitini cha mkaka. Anali woyera, khutu limodzi lotuwa. Khola lake tinalikhoma kuseri kwa nyumba ndi matabwa a mabokosi a tomato. Ndikaweruka kusukulu ndinkadzera m'mbali mwa ngalande kuthyola chisoso, n'kufika pakhomo yunifolomu itadzaza timinga takuda, Amayi akudandaula.

Tsiku la Idi kwathu linkayamba ndi fungo la anyezi wokazinga. Amayi ankaphika mpunga wamafuta ndi mandasi odzaza beseni, ndipo ntchito yanga inali yoperekera mbale kwa aneba, Asilamu ndi Akhristu omwe. Lamulo la Amayi linali limodzi, lakuti aliyense wa pabwalo pathu alawe. Nditamaliza kuzungulira ndinakumbukira kuti pali mmodzi amene sanalandire. Mwezi wonse ife tikusala, Batani ankangodya masamba okhaokha, ndiye m'mutu mwanga nayenso anali atasala. Ndinamupakulira mpunga m'kambale kachitsulo, n'kunyemerapo mandasi awiri. Anadya mosusuka, ine mtima uli mbee, ndipo madzulo ndinamuwonjezera.

M'mawa uliwonse ndinkasesa pansi pa khola. Ndowe zake zinkakhala mbwee ngati nandolo wouma, ndipo Amayi ankazithira m'kadimba kawo ka mpiru. M'mawa wotsatira Idi ndinapita ndi tsache langa n'kupeza pansi pali poyera. Batani anali atadzikundikira pakona, maso atatsinzina pang'ono, akukukuta mano. Ndinamupatsa chisoso, anangotembenuza mutu. Nditamugwira pamimba ndinamva potupa, polimba ngati mpira wopopa mopitirira.

Ababa anabwera tepi ili m'khosi, anamudina pamimba ndi chala, n'kupukusa mutu.

"Wadzimbidwa uyu. Akafika mawa m'mawa asanadye, ndiitana Che Saidi adzamuzinge. Akafa yekha titaya nyama."

Kwathu nyama yofa yokha sitidya, choncho chiweto chikadwala chimazingidwa chikadali ndi mpweya. Che Saidi anali ndi butchala kumsika, ndipo ndi iwo ankazinga nkhuku ndi mbuzi za m'dera lathu. Ababa sanayankhule mwankhanza ayi, ndipo nyama pakhomo pathu inali mlendo wobwera mwa apo ndi apo. Koma ine tsiku limenelo ndinawada, sindibisa. Ndinkaona munthu amene akuyang'ana mnzanga n'kumaona ndiwo.

Amene anamva kulira kwanga anali a Nachisale, aneba athu a kuseri kwa mpanda, mayi wa ku Dedza wogulitsa tomato, amene kwawo ankaweta akalulu. Anandifunsa chimene ndinamudyetsa. Nditaulula, anaseka mpaka kukhala pa chidebe.

"Iwe Amina, kalulu ndi mpunga? Nanga tiyi unamumana bwanji?"

Atapukuta misozi anandiphunzitsa zochita. Madzi ofunda ndizimumwetsa pang'onopang'ono ndi kasupuni, kuchokera m'mbali mwa kamwa. Ndizimusisita mimba ndi zala ziwiri, kuyambira pachifuwa kutsikira kumchira, osadina. Ndizimuyendetsa pabwalo ngakhale akane. Chakudya chikhale udzu wouma ndi masamba a papaya ofota basi.

"Ndipo usamangoyang'ana kukamwa," anatero. "Uziyang'ana kumbuyo. Ukaona ndowe, wachira."

Anzanga tsiku limenelo anali akuyendayenda ndi madiresi awo atsopano. Ine ndinakhala pamkeka pansi pa mtengo wa papaya, Batani ali pamiyendo atakulungidwa m'chidutswa cha nsalu chimene ndinatola pansi pa makina a Ababa. Kamtima kake kankagunda m'manja mwanga mofulumira mochititsa mantha. Madzi ambiri ankathera pa diresi langa. Ndikamutsitsa kuti ayende ankapita masitepe awiri n'kukhala, ine n'kumukankha pang'ono kumbuyo, ana odutsa mumsewu akukuwa kuti, "Anesi a kalulu!" Udzu wouma m'Kawale sunali wapafupi, ndiye ndinkasolola pa mpanda watsopano wa bafa la a Nachisale. Pofika madzulo panali kazenera, ndipo eni ake anakatseka ndi thumba osanena kanthu.

Kutacha ndinathamangira kukhola. Pansi panali poyera monga dzulo, ndipo udzu unali momwe ndinausiyira. Ababa anali atapangana kale ndi Che Saidi dzulo lake. Che Saidi ankadziwika kuti sachedwa. Akati m'mawa, belu la njinga yawo linkalira anthu asanamalize kusesa. Ndinamutenga Batani n'kukhala naye pamkeka paja, ndikusisita, makutu ali kumsewu. Njinga iliyonse yodutsa ndinkasuzumira kumsewu. Inadutsa ya wogulitsa makala, inadutsa ya wa nsomba zouma. Dzuwa linakwera, anthu anapita kumzikiti kukaswali masana n'kubwerako, koma Che Saidi osaoneka. Ababa ankangopalasa makina awo osadzutsa mutu, ndipo ine sindinayerekeze kufunsa, kuopa kuwakumbutsa.

Cha m'ma 2 koloko Batani anadziwongola pamiyendo panga, n'kudumphira pansi yekha. Anayenda mpaka pa tsinde la papaya, ananunkhiza tsamba lofota, n'kuyamba kulidya kuchokera m'mphepete. Kenako anasuntha pang'ono, ndipo pamene anakhalapo panatsala tindowe titatu, tating'ono, touma, topindika. Chibadwire sindinaonepo chinthu chokongola ngati chimenecho.

Ndinatiwola m'manja n'kuthamangira kukhonde. Ababa anali akuyeza bambo wina wa tayi amene anabwera kudzasoketsa suti ya ukwati.

"Ababa, onani!"

Ababa anali munthu waukhondo woti ukakhudza nsapato ankakutumiza kukasamba. Anayang'ana m'dzanja langa pamwamba pa magalasi awo kwa nthawi yaitali, kasitomala uja atatambasulabe mikono, osadziwa koyang'ana.

"Alhamdulillah," anatero motsitsa. "Kasambe m'manja, ndi sopo."

Ndinasamba ndikuseka, misozi ikutsika yokha. Thupi lonse linapepuka, ndipo ndi pamene ndinazindikira kuti kuyambira dzulo sindinadye. Ndinakokota mpunga wotsala wozizira m'poto ndili chiimire. Pofika madzulo pansi pa khola panali posesa, ndipo a Nachisale anabwera kudzaonera ngati kwabadwa mwana. Che Saidi anatulukira dzuwa litapendeka, mpeni utakulungidwa m'nyuzipepala. Anasuzumira m'khola, anati wodwala wa chonchi iwo sazinga, anamwa tiyi ndi Ababa n'kukwera njinga yawo. Batani anakhala nafe zaka zina zinayi, ndipo mpunga sanaulawenso.

Masiku ano ndimakhala ku Area 25, m'kati mwa mpanda wa njerwa, pabwalo pali simenti pokhapokha. Chisoso ana anga sachidziwa. Galu wathu akangosiya kudya tsiku limodzi iwo amafufuza pa foni, kenako timamukweza galimoto kupita naye kwa dokotala wa ziweto. Ndi bwino ndithu, sindikutsutsa. Kale zinthu zinali zolimba, ndipo kwa zaka zambiri ndinkanena kuti Batani anapulumuka mwamwayi, chifukwa choti tsiku limodzi lokha m'moyo wawo Che Saidi anachedwa.

Chaka chatha ndinaikamba nkhaniyi Amayi alipo, Ababa atatisiya kale. Amayi anandiyang'ana modabwa, n'kunena kuti Che Saidi sanachedwe. M'mawa uja, potuluka mumzikiti, Ababa anawakokera pambali n'kuwapempha kuti asabwere mpaka dzuwa litapendeka, mwana ayesetse kaye. Ababa ankadziwa kuti kaluluyo akhoza kufera m'manja mwanga nyama n'kutayika, ndipo anavomera. Anabwerera pakhonde, anakhala pa makina awo, ndipo mpaka kumwalira sanandiuze.