Nyemba zimene ndinamwetsa Esinati

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene mayi anga anapita kukakolola mpunga kudambo la Chilwa, ulendo wa masabata awiri. Tinkakhala pa Boma la Phalombe, ndipo m'nyumba mwathu munali filiji yakale imene mayi ankaumitsiramo maheu ogulitsa. Asanachoke anaphika tsiku lonse: nyemba, nandolo, nkhuku, milamba ya tomato. Anadikira zonse zizizire, nkugawa m'timabakuli ta majarini, kalikonse ndiwo za tsiku limodzi.

"Yohane, uzitulutsa kamodzi patsiku," anandiuza. "Chimene chasungunuka chisabwereremo. Wandimva?"

Tinatsala atatu: bambo, ine, ndi mlongo wanga Esinati wa zaka zinayi.

Mmawa wotsatira bambo anazula pulagi ya filiji asanapite kuntchito. Anati chinthu chouma kale sichifunanso magetsi. Madzulo anaibwezera, ndipo kutacha zonse zinali gwa ngati mwala. Anachita zimenezi tsiku ndi tsiku. Masana ndikaweruka kusukulu ndinkapeza timabakuli tofewa, madzi akudontha pansi, koma ndinkangopukuta ndi chiguduli.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri nditatsegula nyemba, ndinamva fungo losasa. Pamwamba panali kathovu. Ndinawauza bambo motsitsa mawu.

"Wayamba liti kusankha zakudya?" anatero. "Wiritsa kwambiri, uthiremo anyezi. Moto umapha zonse."

Ndinawiritsa. Ine ndinangonyambita, nkudya nsima ndi mchere. Koma Esinati ankakonda msuzi wa nyemba, ndipo ndinamumwetsa ndi supuni ndi dzanja langali.

Kutacha mwana anali atasanza kasanu, m'mimba mukutseguka ngati mpopi. Maso analowa, milomo inauma, kulira nako kunamukanika. Bambo anamubereka ndi chitenje nkupalasa njinga kupita kuchipatala, ine ndikuthamanga pambuyo. Namwino anavutika kupeza mtsempha woika diripi pa kadzanja kake. Atafunsa chimene mwana anadya, bambo anayankha kuti mnyamatayu ndiye amaphika, mwina anasiya ndiwo panja. Bambowo sanandiyang'ane nkomwe.

Uthenga unawapeza mayi kudambo, ndipo anafika tsiku lachitatu miyendo ili matope. Atamuona Esinati akumwa phala kuchipatala, anabwera kunyumba nkutsegula filiji. Pansi pake panali madzi ofiira ouma, ndipo msuzi wa m'kabakuli ka nkhuku unali utaumira mbali imodzi.

"Bambo a Yohane, msuzi wouma umayenda?" anafunsa. "Unatsika bwanji pansi pano ngati filijiyi sinazime?"

Bambo anati magetsi amavuta. Mayi anati anafunsa kale kwa a neba, ndipo sanazime ngakhale tsiku limodzi. Sanakweze mawu. Ananyamula timabakuli tonse totsala, nkhuku yomwe, nkukakhuthula kudzala bambo akuona. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Iwe unanunkhiza?"

"Eya."

"Ndiye unamupatsa?"

Mayi sanandimenye, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

Esinati anachira. Lero ndi mayi wa ana ake, ndipo sakumbukira chilichonse. Bambo anamwalira osapepesa, kwa mayi kapena kwa ine. Ndapemphera zaka zambiri kuti mkwiyo wa mawu aja a kuchipatala undichoke, koma ndikanena kuti unatha ndinama pamaso pa Mulungu. Munthu wamkulu anaika mwana wake pakhomo la manda, nkuloza chala mwana wake wina.

Mkazi wanga atamwalira, ndinayamba kuphikira ana anga atatu Loweruka ndiwo za sabata yonse. Ndimaziziritsa msanga, ndimagawa pang'onopang'ono, ndimalemba tsiku pa chivundikiro. Magetsi akazima nthawi yaitali ndiwo nkufewa, timadya tsiku lomwelo ngati zikadali zozizira, apo ayi ndimataya, ngakhale mtima ukuwawa.

Koma chimene ndachimvetsa mochedwa si cha filiji. Ndinaleredwa kuti mwana satsutsana ndi bambo ake, ndipo ndinkayesa kuti kukhala chete ndiko ulemu. Tsiku lija mphuno yanga inadziwa zoona, ndinadziteteza ndekha ndi mchere, nkupereka supuni kwa wamng'ono amene sakanatha kukana. Nchifukwa chake ana anga ndinawauza kuti chakudya chikawanunkhira azikankha mbale, ngakhale waphika ndine, ndipo sadzafunsidwa chifukwa.